Nyumba ya Mabawuti

Lachiwiri, 13 Juni 1995

Nyumba yachisanu ndi chimodzi yatha lero. Bambo a Ivone akhoma chitseko chomaliza dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kuvina okha pakati pa utuchi, nyundo ili m'manja. Munthu wa zaka makumi anayi! Ndaseka mpaka mpunga kundipserera.

Kope ili ndi la Ivone, la chaka chatha, munatsala masamba. Ndizilembamo poti za mumtima zikuchuluka, ndipo woti ndizimuuza ali kalikiliki ndi mabawuti.

Zonse zisanu ndi imodzi taziunjika kuseri, pansi pa mango. Wongodutsa angati ndi milu ya zitseko. Makoma a nsungwi zoluka, m'mphepete mwake matabwa a malaina. Chitseko chimodzi, mawindo awiri, malata khumi, zipinda ziwiri. Miyendo yopaka oyilo wakutha, kuopa chiswe. Zonse zogwirana ndi mabawuti. Anthu atatu amaiimika m'mawa umodzi. Ukafuna umata dothi kunja kuti muzifunda. Ukafuna kusamuka ugumula dothilo, umasula, ukweza pangolo.

Nzeru imeneyi inabadwa ndi misozi. Pochoka ku kampu ku Malawi mu 93 tinasiya nyumba yomwe Efraimu anaimanga ndi manja ake. Anazula chitseko chokha, koma pa lole malo panalibe, chinatsala m'mbali mwa msewu. Titatsika pa Entre Lagos, mbali ya kwathu kuno ya malire, m'pomwe anati: "Rabeca, sindidzamanganso nyumba yoti n'kuisiya."

Yoyamba ndi ino tikugonamoyi, pa malo a malemu mayi anga. Chaka ndi theka, sinadonthepo.

Vuto ndi ogula. Kuno aliyense wangobwera kumene, m'thumba muli mbee. Amabwera, kugogoda khoma, kutsekula windo, kutseka, kutsekulanso, kuyamika, n'kumapita. Dzana wina anati atipatse nkhuku ziwiri ndi thumba la makaka. Chonsecho malata okhawo anadya makina anga osokera. Ku boma ku Insaca tinayesako, n'chimodzimodzi. Ndiye zipite kunja, kwa anthu amene sanathawepo nkhondo. Kunja kwake kuti, sitinagwirizane.

Kukuzizira. Koma kugona osatchera khutu panja, abale inu, kukoma kwake sindinakuzolowerebe.

Lachinayi, 15 Juni

Alamu anga a Vitorino afika! Akulu awo a Efraimu, amene anathawira ku Zambia ife tikuthawira ku Malawi. Zaka zisanu ndi zinayi osaonana. Atsika sitima pa Nayuchi n'kuoloka malire wapansi. Ndinayamba kuwaona ndine ndili pachitsime: munthu wonenepa, chipewa cha nthenga, nsapato zonyezimira, wailesi paphewa, akufunsa ana kwa mmisiri wa matabwa.

Efraimu anaponya sowo uko. Anakumbatirana n'kugwera limodzi pa mulu wa nsungwi, onse awiri kulira mokweza, chipewa kugubuduzika mpaka m'khola. Mudzi wonse unakhamukira kwathu. Tambala wanga wofiira wapita, sindikudandaula.

Chinyanja chawo chinapotoka. Chilichonse "manje manje". Ivone akuwatsanzira kuseri kwa nkhokwe, ndamuopseza koma nanenso ndikuseka. Anakwatira konko ku Chipata, mkazi wa Chingoni, anapereka ng'ombe zinayi. Ng'ombezo azitchula katatu tisanasambe n'komwe m'manja.

Andibweretsera chitenje cha mbalame zobiriwira. Chokongola ndithu, ndisaname.

Atadya anazungulira nyumba yathu kawiri, kugwira mabawuti, kuwerenga malata, kufunsa masiku opangira imodzi. Kenako anachepetsa maso. Maso amenewo ndimawadziwa, ndi a munthu amene waona mlamba m'madzi osaya.

Lamulungu, 18 Juni

Pochokera ku tchalitchi nkhani yaphulika.

Kufupi ndi Chipata kuli mwini famu ya fodya, mnzawo wa alamu. Chaka ndi chaka amasamutsa antchito kutsata minda yatsopano, chaka ndi chaka kumanga misasa ina. Nyumba yomasula ndiye mankhwala ake. Akuti akhoza kutenga makumi awiri. Zisanu ndi imodzi zathuzi zikwere sitima kudutsa Malawi yense mpaka ku Mchinji, kuchoka apo pa lole. Zotsalazo Efraimu akapangire konko. Chaka chimodzi, akutero alamu, mwina ndi theka.

Nanga ine? "Inu mulamu muli ndi munda, musunga pakhomo."

Chaka chimodzi. Bambo anga anapita ku Rodeziya kukagwira ntchito chaka chimodzi, ine ndinawadziwira pa chithunzi. Zaka zisanu ndi ziwiri za ku kampu ine ndi Efraimu sitinalekanepo ngakhale tsiku limodzi. Nkhondo inalephera, ndiye mtendere ubwere kudzatilekanitsa? Sindikufuna. Ndalemba apa poti pakamwa sindinathe kunena. Sindikufuna.

Ndinangoti, nanga Malawi? Nayuchi ndi pompa, ola limodzi wapansi. Msika wake Loweruka, anthu a mpunga ndi nsomba, makwacha ali nawo. Chilankhulo ndi chathu chomwechi, ena ndi abale athu enieni. Munthu apita m'mawa, madzulo adzadya kwawo. Alamu anaseka, akuti anthu a m'midzi amagula imodziimodzi ngati mazira. Efraimu, ndi mtima wake wosafuna kukhumudwitsa munthu, akuti tiyese konsekonse. Ndi nyumba zisanu ndi imodzi? Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tapangana chonchi. Alamu abwerera pa 10 Julayi. Tikagulitsa zitatu ku Malawi tsikulo lisanafike, Efraimu akhala. Zikakanika, apita nazo ku Zambia. Ndavomera ndekha ndi pakamwa pangapa. Masabata atatu.

Lachiwiri, 20 Juni

Alamu salola tsiku kudutsa osatamanda Zambia. M'mawa: wogula ndi mmodzi, sudzayenda khomo ndi khomo. Masana: matabwa kumeneko ngotchipa, mabawuti amagulitsa pa sikelo ngati nyemba. Madzulo: magetsi, sowo yoyendera moto, Efraimu adzanenepa. Akunena zoona, n'zomwe zikundiwawa.

Ine ndimafunsa zanga ndikupeta mpunga, ngati sindikusamala. Malire ndi angati? Awiri. Mwini famuyo analemba kalata? Ayi, anangonena pakamwa, koma ndi munthu wa mawu ake. Fodya akapanda kugulidwa bwino chaka chino? Apo alamu anayatsa wailesi.

Wogula mmodzi akatembenuka, watembenuka ndi zonse. Ogula mazira aja, mmodzi akakana wina alipo. Ndinawauza Efraimu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anati, "Mayi a Ivone, wapamphunoyo sitinamununkhebe."

Nandolo wayamba maluwa. Banja lina labwera dzulo kuchokera ku Mangochi, lomaliza la mbumba ya kutsidya kwa dambo. Apeza mpapaya wawo udakalipo, mayiyo anaukumbatira.

Lachitatu, 21 Juni

Mapepala a pa malire atheka. Efraimu wabwera nawo atawakulunga m'pulasitiki, kuwanyamula ngati khanda. Akuti kalaliki anakanda mutu nthawi yaitali, osadziwa kuti alembe nyumba kapena nkhuni. Ngolo tabwereka kwa aneba, malipiro ake kuwakonzera goli.

Madzulo ano mwamuna wanga akuphunzira kulankhula pagulu. Waima pa chitsa, omvera ndife atatu: ine ndi mbuzi ziwiri. Munthu amene pa chinkhoswe chathu anangoti "eya" basi. "Abale ndi alongo, nyumba iyi..." n'kuiwala. Kuyambiranso. Mbuzi imodzi inachoka.

Mastura anatipeza zili choncho. Mnzanga wa ku Amaramba, tinkatunga limodzi madzi ku kampu, pano amapalasa njinga kukagulitsa milamba youma ku Nayuchi. Anatsamira njinga n'kumvera mpaka kumapeto, n'kuti: "Alamu, mukakanika nyumba mudzayese ulaliki, anthu amagona bwino." Watisiyira milamba iwiri.

Ine Loweruka sindipita. Mpunga wina sunapunthidwe. Komanso ndivomere, malire aja sindinawaolokenso chibwerereni, ndimawaopabe.

Loweruka, 24 Juni

Abwera akuimba! Ndinawamvera patali, mawu a Efraimu pamwamba, a alamu pansi, ng'ombe za eni ake zikuthamangitsidwa ngati zaba.

Anatenga imodzi yoonetsa. Anaiimika kumapeto kwa msika, pomwe amuna amakonzetsa njinga ndi kusewera bawo. Alamu anagwira wotchi: maola awiri ndi theka. Anthu ngati pa mpira. Mawu onse ophunzira aja anathawa, ndiye Efraimu anangonena zobwera m'mutu. Wina anafunsa kuti yomasula njachiyani, ife sitithawa nkhondo. Efraimu: "Kodi inu simuli pa chikamwini? Tsiku lomwe adzakuponyereni bulangeti panja, mudzangomasula nyumba yanu n'kumapita nayo kwa amayi anu."

Akuti msika wonse unafa nalo phwete. Amuna kumunyamula m'mwamba. Mkulu wina mpaka misozi, akuti anasiya nyumba zitatu za njerwa m'midzi itatu, konseko anatuluka ndi mpando ndi nkhwangwa basi.

Khumi ndi mmodzi alembetsa maina. Abwera mkati mwa sabata kudzatenga. Khumi ndi mmodzi, ife tikufuna atatu okha! Yoonetsayo aisiya iliimire kwa wokonza njinga kuti anthu aziiona.

Ndavala chitenje cha mbalame, ndavina pabwalo fumbi koboo, Ivone akuimba chidebe. Alamu amaomba m'manja mwaulesi. Nthabwala ya chikamwini ija nanenso ndinaseka. Kenako ndikutsuka mbale inandibwereranso m'mutu, ulendo uno sinandiseketse. Kaya.

Lamulungu, 25 Juni

Tsiku la ufulu wa dziko lathu lino. Ena apita ku Insaca kukaona magule, ife tatsala kuopa kuti ogula angatiphonye. Ndani amagula nyumba Lamulungu? Koma tatsala.

Efraimu wandilonjeza makina ena osokera. Ndamuuza kuti ayambe wagula malaya, omwe ali nawo atha ndi misomali.

Lachiwiri, 27 Juni

Palibe wabwera. Sabata idakali yaitali. Ndasesa pabwalo kawiri. Thobwa ndaphika lambiri, la alendo.

Lachisanu, 30 Juni

Mmodzi yekha, a Sitefano, mlimi wa mpunga, dzina loyamba pa pepala lija. Abwera pa njinga, chipewa m'manja, kudzapepesa. Akuti kunyumba sizinamveke. Tinafunsa, ndi mtengo? Ayi. Malata achepa? Ayi. Nanga? "Mayi akunyumba basi." Amwa thobwa n'kumapita, akucheukira mulu wa nyumba uja mpaka kutsala pang'ono kugwera m'ngalande.

Thobwa lotsala lasasa.

Efraimu akunola matchizulo n'kumawaika m'bokosi limodzilimodzi. Alamu akupukuta nsapato zawo zija, kamluzu kali pakamwa. Ndikanakhala wopanda ulemu ndikanaziponya m'chitsime.

Masiku khumi. Ivone wandifunsa ngati ku Zambia n'kutali kuposa ku Cuamba. Ndamutuma kukatola nkhuni.

Lolemba, 3 Julayi

Mastura wabwera, wakana kukhala pansi mpaka atamaliza kuseka.

"Achemwali, amuna anu atchuka. Ku chigayo, ku mjigo, ku sikelo ya ana, nkhani ndi imodzi. Aitcha nyumba ya chisudzulo."

Akuti kuli mayi wina, Abiti Adamu, wa ana aakazi asanu, amene akalankhula amayi a m'dera lonselo amamvera. Wauza akamwini ake kuti wobweretsa chinthucho pa dothi lake akagone nacho ku msika. Mawu awo akuti ndi awa: "Nyumba ya miyendo pa malo a amayi anga? Mwamuna akapsa mtima, adzukulu anga agone pa mtetete?"

Ndinakhala pansi, lichero lili m'manja. Manyazi! Malo ndi a akazi. Kuno n'choncho, ku Nayuchi n'choncho, kuyambira makolo. Mwamuna amamanga, koma nyumba imatsala ndi mkazi ndi ana. Ine mwana wa mbumba, wogona pa malo a mayi anga, osaziona zimenezi! Inatisokoneza ndi kampu. Kumeneko malo sanali a munthu. Nyumba inkalembedwa pa khadi la bambo, mitengo kulandira bambo, pulasitiki wofolera bambo. Zaka zisanu ndi ziwiri, tabwerako titaiwala kuti pakhomo amayamba kufunsa ndani. Takaonetsa nyumba kwa anthu amene alibe poiimika, kuwonjezera apo n'kutukwana eni malo. Safunsa anadya phula, ife tadya ndi chisa chomwe.

Asanakwere njinga Mastura analoza khoma lathu ndi mlomo. "Nanga yanuyi, sipanala amasunga ndani?"

Ili m'bokosi la Efraimu. Bokosi lomwe likulongedzwalo.

Sindinayambe ndaganizapo. Tsopano ndikungoyang'ana bawuti iliyonse m'nyumba muno.

Lachiwiri, 4 Julayi

Bambo a Ivone ndawauza zonse. Poyamba kukwiya: "Ndinkangoseka ine." Ndinati nthabwala yanuyo yatidyera sabata ndi theka, ndipo mwina itidyera chaka. Ndinati nyumba izigulitsidwa ndi sipanala yake, ndipo sipanalayo azilandira mkazi, m'manja mwake, anthu akuona. Iwo akuti sipanala yotere ali nayo aliyense wokonza njinga, mwamuna angokabwereka. Zoona. Anapita ku dimba osadya.

Abwera dzuwa litapendeka, akuthamanga, atakweza nati m'mwamba ngati mwana amene wapha mbewa yoyamba. Akuti nati aipale ikhale ya makona atatu, ibisale m'kabowo ka thabwa kuti pulayala isafikepo. Sipanala ya m'sitolo singaigwire. Yakeyake asule a Fadili, osula makasu pafupi ndi siteshoni, ndi kachidutswa ka paipi. Nyumba imodzi, sipanala imodzi.

Mutu umenewu ndi womwe ndinaukwatira. Ndawapsompsona pamphumi alamu akuona. Aone.

Lachinayi, 6 Julayi

Kupala, kupala, kupala. Pa nyumba iliyonse manati asanu ndi atatu a m'makona, ndiwo agwira zonse. Aliyense ndi tupa yake. Zala zanga zanunkha chitsulo, ndiwo zomwe zikumveka chitsulo.

Ngakhale alamu akupala. Akuti ku Chipata zachibwana izi kulibe, kwa akazi awo mwamuna akapereka ng'ombe nyumba ndi yake, ana ndi ake, palibe zofunsa apongozi. Akunena uku akupala. Manja awo ofewa aja atuluka matuza. Munthu ameneyu sindikumumvetsa. Akufuna kundilanda mwamuna, koma wapala manati ambiri kutiposa tonse.

Efraimu atapita kwa a Fadili, alamu anasiya tupa n'kunena osandiyang'ana: "Mulamu, kuja ndili ndekha. Ndikadwala palibe wonditchula dzina la paubwana." Ndiye nkhani si famu yokha. Ndawamvera chisoni zenizeni, ndawawotchera mbatata, ndawapaka mafuta m'manja. Koma mwamuna sindipereka.

Masipanala asanu ndi imodzi abwera, akuda, oipa maonekedwe, onga mitu ya nkhuku. Agwira onse.

Loweruka, 8 Julayi

Ndaoloka. Ndinapondanso pa njanji paja tinadutsa mu 86, Ivone ali kumsana, wa miyezi itatu, nditamutseka pakamwa ndi bere. Lero wa pa geti wangoti, "Muyende bwino mayi," n'kupempha kuti aone kachitsulo kodabwitsako. Udzu womwewo, njanji yomweyo, koma ana akuseweretsa galimoto za mawaya pakati pake. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Nyumba tinaichotsa kwa anjinga n'kukaiimika pafupi ndi chigayo. Oimika: ine, Mastura, ndi amayi awiri a ku tchalitchi kwathu. Efraimu ndi alamu ntchito yawo kugwira makwerero basi. Efraimu tinamuletsa kutsekula pakamwa. Maola anayi. Khoma lina tinayamba taliika chadodolido, windo lili m'mawondo. Amayi a pa chigayo anaseka mpaka kugwirana, kenako anatula madengu n'kubwera kudzatigwirira. Pofika pa malata tinalipo khumi ndi awiri, nyimbo ili pakamwa.

Abiti Adamu anafika nyumba itaima. Aafupi, mpango woyera, nkhope yosaseka. Analowa, anakhalitsamo. Kuyeza chipinda ndi mapazi. Kukankha khoma ndi phewa. Kufunsa ngati khoswe angaboole nsungwi zikamatidwa. Potuluka anati: "Miyendo yake ili pati?"

Ndinawaonetsa manati a makona atatu. Ndinaitanitsa wokonza njinga uja ndi masipanala ake onse. Anayesa uyu, anayesa uyo, thukuta kamukamu, amayi akumuwowoza. Analephera. Ndinatulutsa yathu m'chitenje, kupotoza kamodzi, nati n'kutembenuka. Ndinaimanganso, n'kuika sipanalayo m'manja mwawo. Ndinati iyi salandira bambo, ngakhale olipira atakhala iwowo.

Anaiyang'ana, kuitembenuza, n'kuimangirira pa ngodya ya nsalu pamodzi ndi makiyi awo, mtengo asanafunse n'komwe. Nthungululu zake, wa chigayo mpaka anazimitsa injini kudzaona.

Agulira mwana wawo wachitatu amene akukwatiwa mwezi wamawa. Mkamwini ndi msodzi wa pa Chilwa, youmba njerwa nthawi alibe. Yachiwiri atenga akazi a Sitefano, omwe aja anakana. Amuna awo ali kumbuyo kumwetulira ngati nzeru ndi zawo. Ena ambiri akuti tidikire agulitse mpunga, mwezi wamawa kapena winawo. Mmodzi anafunsa ngati tingapange ya zipinda zitatu. Wina ngati khitchini ingatheke.

Tabwera tikuimba njira yonse, Mastura akuliza belu la njinga, Efraimu ataloledwa tsopano kulankhula koma mawu alibe. Sindikumbuka tsiku lina lomwe ndinasangalala chonchi. Ndi pofika pakhomo pomwe ndinakumbukira kuti tinapangana zitatu.

Lamulungu, 9 Julayi

Ziwiri si zitatu. Ndaziwerenga kuyambira uku ndi uku, sizikusintha.

Tsiku lonse maso ali ku njira ya ku Nayuchi. Wadutsa wogulitsa nzimbe, ndi galu.

Alamu sanakumbutse za pangano, ulemu umenewo ndiwapatse. Achapa, alongedza. Akhala ndi Efraimu nthawi yaitali pansi pa mango, mitu pamodzi, akujambula pa mchenga. Ndinadutsapo kawiri ndi ndowa yopanda ntchito, sindinamve kanthu. Bokosi la zida lili pakhonde, lotseka.

Mwini famu adzayembekeza zisanu ndi imodzi. Zatsala zinayi. Nthawi ya chakudya alamu anakweza maso kuyang'ana denga lathuli, ine ndinawaona.

Pangano ndi pangano, palibe anandikakamiza. Ndakazinga mtedza ndi chimanga, kamba wa anthu awiri. Mchere ndathira kawiri osadziwa. Malaya a Efraimu ndasoka ndi manja, mabowo onse.

Lolemba, 10 Julayi

Ndadzidzimuka ndi nyundo pa khoma, kumutu kwanga kwenikweni. Kunja kutangoyera. Pamphasa ndili ndekha. Ndinati basi, ayamba kumasula, atenga ndi ino yomwe. Ndinatuluka chitenje chili m'manja, mawu ali kale pa lilime, ena oti sindingawalembe m'kope la mwana.

Efraimu ali pa makwerero. Alamu, ndi matuza awo, atsamiza nkhwangwa kuseri kwa bawuti, iye akumenya nsonga yake ndi nyundo mpaka kuphwatalala pamwamba pa nati ngati bowa. Bawuti yotero simasukanso, ngakhale a Fadili atasula sipanala ya mtundu wanji. Anali akumaliza kona yachitatu.

Efraimu osatsika n'komwe: "Mayi a Ivone, katenthetseni madzi mlendo asambe, sitima sidikira munthu." Ndinati, nanga inu? "Ine ndili ndi nyumba ziwiri zokaimika Lachinayi. Abiti Adamu aja sindifuna kuyambana nawo."

Ndinati, koma ziwiri si zitatu. Anayankha ndi alamu: "Yachitatu ndagula ndine, mulamu. Ndakhala ku Nayuchi dzana, ndiye ndagulira ku Malawi." Bodza la mkunkhuniza, koma ndani angatsutse mlendo?

Atenga imodziyo, ndi miyeso yonse pa pepala. Mwini famu akaikonda atumize mmisiri wake adzaphunzire kuno, kapena atumize lole. Bokosi lija Efraimu analongedzera ulendo wa Lachinayi, munthu osandiuza, kundisiya ndikuuma mutu masiku awiri. Akuti anatsimikiza mtima Loweruka pomwe paja, ataona amayi khumi ndi awiri atanyamula denga. Ndidzamubwezera, sindinadziwe kuti motani. Sipanala ya nyumba ya alamu ndaikulunga pakepake, ndalembapo dzina la akazi awo. Akana, akuti kwawo sizitero. Aiika m'thumba la jekete.

Ndalira, ndaseka, madzi ndawatenthetsa mpaka kuwira, alamu akukuwa kubafa. Kamba wa anthu awiri akadye okha, mchere wake akapirire. Alonjeza kubwera pa Khirisimasi ndi banja lonse.

Kwatsala kona imodzi, ya kuchipinda kwathu. Efraimu akuti imeneyo ndikamenye ndekha poti malo ndi anga, nkhwangwa agwira iye. Wandiitana kachiwiri tsopano. Nyundoyo kulemera kwake, kaya ndiitha, koma ndisamve wina akundiuza kuti...